Chisanu Chimene Dzanja Silichimva

Amayi anzanga, ife a m'mbali mwa nyanja tidakula tikuopa kutentha kwa thupi. Mwana akafooka, osafuna kuyamwa, choyamba chimene mayi amachita ndicho kuika kuseri kwa dzanja pamphumi pake. Dzanja la ntchembere ya ku Linga kapena ku Chia silinama pa nkhani ya malungo, pakuti udzudzu wa m'madambo a mpunga udatiphunzitsa kalekale. Komatu lero ndifuna ticheze za mdani wina amene dzanja lathuli silimumva, ndipo ambiri a ife sitimuwerengera konse. Ndikunena za chisanu chimene chimalowa m'kati mwa thupi la mayi pamene wagona ku fiyeta, madokotala akumuchita opaleshoni kuti atulutse mwana.

Ine chisanu chimenechi ndidachilawa zaka zoposa 30 zapitazo, pa mimba yanga yachiwiri. Udali mwezi wa Juni, mwera utalusa kotero kuti asodzi adakokera mabwato kumtunda. Matenda adandiyamba madzulo, ndipo ndidavutika usiku wonse ndi tsiku lotsatira mwana osatsika. Potsiriza adanditengera ku chipatala china cha m'mbali mwa nyanja yomweyi, dzina lake tisiye. Adandivula zonse, nandifunditsa kansalu kamodzi kopyapyala, nandigoneka pa kabedi ka mateyala pakhomo pa fiyeta kuti ndidikire mnzanga amene adali m'kati. Ndidakhala pamenepo mwina ola lathunthu, mphepo ikulowa pa zenera losweka, mapazi ali zii ngati mwala wa pamtsinje. Sindidadandaule. Kodi munthu amene ali pakati pa moyo ndi imfa angayambe kupempha bulangete?

Atandilowetsa adandibaya jakisoni wa pamsana, ndipo mwadzidzidzi miyendo yanga idamva kufunda kokoma, ngati ndaiviika m'madzi a ku Mawira. Mumtima ndidati, basi chisanu chija chatha. Posapita nthawi ndidamva kulira kwa khanda, namwino nandionetsa kamtsikana. Koma asanamalize kundisoka, thupi lidayamba kunjenjemera. Kudali kunjenjemera kumene sindidakuonepo ngakhale pa malungo aakulu: mano akuombana, mapewa akudumpha okha, bedi likugwedezeka. Pofika ku wodi ndidalephera ngakhale kumugwira mwana wanga, kuopa kumugwetsa.

Amene adali gadiyani wanga adali apongozi anga aakazi. Ndidawaona akunong'onezana ndi ntchembere zina pafupi ndi chitseko, kenaka adabwera nawerama pakhutu panga. "Mwana inu, ululani," adatero. "Mwana wakana njira, tsopano mukunjenjemera chonchi. Munthu sanjenjemera popanda chifukwa. Tchulani dzina, mupepukidwe." Inu amene mudakwatiwa kumudzi mukudziwa tanthauzo la mawu amenewo. Ndidalibe dzina loti nditchule, ndipo ndidalibenso mphamvu yoti ndidziteteze. Ndidangotembenuzira nkhope kukhoma.

Musawaone ngati adali munthu wouma mtima. Mayi yemweyo adavula chitenje chake chapamwamba nandifunditsa, nakhala usiku wonse pa simenti atafungatira mdzukulu wake. Adalankhula zimene adaphunzitsidwa. Koma bala la pamimba, ngakhale lidavuta ndi mafinya kwa masabata angapo, lidapola msanga kuposa bala la mawu aja.

Tsono chaka chatha kamtsikana kaja, kamene tsopano ndi mayi wa pabanja pake, kadauzidwa ku sikelo kuti mwana wagona chopingasa, ndipo tsiku la opaleshoni lidaikidwa. Gadiyani ndidali ine. Ndikuuzeni zoona, mpeni sindidauope kwambiri ayi. Chimene chidandisowetsa tulo chidali chisanu chija. Mwamwayi mwana wa achimwene anga, amene adaphunzira ntchito yogonetsa odwala ku Blantyre, kumene sukulu ya ntchitoyi idayamba pa chipatala cha Queen Elizabeth m'chaka cha 1988, adabwera kudzationa. Adandipeza ndikuphika mpunga kuseri kwa nyumba. Safunsa adadya phula. Ndidamufotokozera zonse, ngakhale mawu a apongozi amene sindidauzepo munthu.

"Azakhali," adatero mwanayo atakhala chete pang'ono, "palibe chimene mudalakwa. Mudazizidwa basi, ndipo kuzizidwako kudayambira pakhomo paja."

Zimene adandifotokozera ndi izi, ndipo ndiyesa kuzinena monga mmene ndidazimvera. M'kati mwa thupi, ndiko kuti m'mutu, m'chifuwa ndi m'mimba, mumakhala madigiri pafupifupi 37 usana ndi usiku, m'chilimwe ndi m'chisanu. Manja, miyendo ndi khungu zimakhala zozizirirapo ndi madigiri 2 mpaka 4. Thupi limasunga kusiyana kumeneku pofinya timitsempha ta magazi ta pakhungu, monga mmene inu mumatsekera chitseko cha kuchipinda kuti mphepo ya pabalaza isalowe. Mankhwala ogonetsa, ngakhalenso jakisoni wa pamsana, amamasula timitsempha timeneti. Pamenepo magazi ofunda a m'kati amathamangira ku miyendo yozizira, nabwerera atazizira. Ziri ngati kuthira ketulo ya madzi owira m'beseni la madzi a pachitsime: madzi a m'beseni amafundako, koma aja owira atha mphamvu. M'ola loyamba lokha kutentha kwa m'kati kumatha kutsika ndi digiri imodzi kapena kupitirirapo, munthu asanataye kutentha kwambiri kunja. Ndipo miyendo ikakhala kuti idazizira kale podikira, kutsikako kumakula.

Apa ndi pamene ndidazindikira chinyengo cha kufunda kuja. Miyendo yanga idamva kukoma chifukwa idali kulanda moto wa m'kati. Jakisoni wa pamsana amasokonezanso uthenga wochoka ku miyendo kupita ku ubongo, motero mayi angathe kunena kuti akumva bwino pamene m'kati akuzizira. Onjezanipo zina: m'fiyeta mumakhala mozizira chifukwa adokotala avala zovala zambiri pansi pa nyali zotentha, pamimba apakapo mankhwala onyowa, mimbayo yatsegulidwa, nsalu zapansi zanyowa ndi madzi a m'chiberekero, ndipo diripi ikulowa m'mitsempha yosafunditsa. Akuti lita imodzi ya diripi yotere imachotsa pafupifupi kota ya digiri. Nanga mayi wotaya magazi amalandira malita angati?

Inu amene amuna anu amapita kukapha usipa usiku mukudziwa mmene munthu amaonekera bwato likamugubuduza pa mwera. Madzi a nyanja yathu sali ozizira kwenikweni, komabe amafika pagombe milomo itada, mawu osatuluka, ndipo mumathamanga kukoleza moto. Msodziyo ali ndi mwayi umodzi: thupi lake liri maso, likudziteteza ponjenjemera, ndipo pakamwa pake pangathe kupempha chofunda. Munthu wogonetsedwa kotheratu alibe zonsezi. Amazizira mwakachetechete, ali pakati pa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene maso awo ali pa bala, pa magazi ndi pa kapumidwe kake.

Mwina wina afunsa kuti, kodi kuzizira pang'ono kuli ndi kanthu, poti munthu adzafunda mawa? Nanenso ndidafunsa chomwecho. Magazi ozizira amachedwa kuundana, choncho bala limakha nthawi yaitali. Khungu lozizira limafinya mitsempha, mpweya wabwino osafika pabala, ndipo tizilombo timapezerapo mpata. Mankhwala ogonetsa amachedwa kutha m'thupi. Kunjenjemerako nakonso kumadya mpweya wambiri pa nthawi imene mayi alibe wokwanira. M'chaka cha 1996 madokotala a ku Vienna adalengeza zimene adapeza pa odwala 200 ochitidwa opaleshoni ya matumbo. Mwa amene adasiyidwa kuti azizire monga mwa chizolowezi cha masiku amenewo, mabala a anthu 19 pa 100 alionse adachita mafinya. Mwa amene adafunditsidwa, adali 6 okha pa 100. Onani chakacho: pamene ine ndinkanjenjemera, ngakhale madokotala a ku Ulaya adali asanatsimikize za kuopsa kwake. Nchifukwa chake sindisungira munthu chakukhosi. Mu 2008 akatswiri ena ataphatikiza zofufuza zambiri adapeza kuti kutsika kosafika ngakhale digiri imodzi kumaonjezera magazi otayika ndi magawo pafupifupi 16 pa 100.

Kwa ife kuno nkhani ya magazi si yocheza. Mu 2003 Dr Paul Fenton ndi anzake adafalitsa zimene adaona pa maopaleshoni 8,070 otulutsa mwana m'zipatala za m'Malawi muno. Amayi 85 adamwalira, ndipo ambiri mwa iwo adatsirizika opaleshoni itatha kale, ali ku wodi. Sindikunena kuti chisanu ndicho chidawapha. Ambiri adafika mochedwa, chiberekero chitang'ambika kapena magazi atachepa kale. Ndingoti kumene magazi oikira munthu amasowa, dontho lirilonse limene bulangete lingapulumutse ndi chuma.

Komanso ndisakuopsezeni mopitirira. Mu 2022 kudatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wa odwala oposa 5,000 a msinkhu wachikulire, ambiri a ku China. Ena adawafunditsa mwamphamvu kufika madigiri 37, ena adangowasunga pa 35.5, ndipo pa matenda a mtima, mafinya ndi kuikidwa magazi sipadaoneke kusiyana. Tanthauzo lake nlakuti kutsika pang'ono si imfa. Choopsa ndi kutsika kopitirira popanda wina wodziwa. Ndipo wodziwa amadziwa bwanji osayeza? Ku Britain malangizo a 2008 amati wodwala ayezedwe asanagonetsedwe, kenaka mphindi 30 zirizonse mpaka opaleshoni itatha. Akatsika pansi pa 36 ndiye kuti wazizidwa. Ndipo chipinda chisazizire pansi pa madigiri 21 pamene wodwalayo sadafundidwe.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani, amayi anzanga, pakuti kuyeza kutentha kwa m'kati mwa munthu si chinthu chapafupi. Ife tidazolowera kachoyezera ka m'khwapa, kale kagalasi koti namwino ayambe wakakutumula, lero ka manambala kolira. Kameneka kamanena zoona pang'ono ngati mkono wapanidwa bwino kwa nthawi. Koma mayi wa ku fiyeta amagona mikono itatambasulidwa uku ndi uku, wina uli ndi diripi, wina uli ndi choyezera kuthamanga kwa magazi, khwapa liri pamphepo. Kamfuti kaja kamene ankatiloza nako pamphumi pa zipata m'chaka cha 2020, nthawi ya Covid-19, kamangomva khungu lapamwamba, ndipo taona kale kuti khungu ndi m'kati zimayenda mosiyana munthu akabayidwa mankhwala. Njira yodalirika kwa wogonetsedwa kotheratu ndiyo kulowetsa kachingwe kopyapyala kum'mero mpaka kuseri kwa mtima, kapena m'mphuno, kapena m'chikhodzodzo. Nanga mayi wa jakisoni wa pamsana, amene ali maso ndipo akudikira kumva kulira kwa mwana wake, mungamumezetse chingwe? Motero amayi obereka, amene ndiwo ochuluka pa anthu olowa m'fiyeta za m'maboma mwathu, ndiwonso ovuta kuwayeza.

Mwana wa achimwene uja atafika pamenepa adaloza mphika wanga. Ndidali nditangophula madzi, ndavundikira, ndipo ndikuika makala amoto pamwamba pa chivundikiro monga timachitira tonse kuti mpunga upse bwino.

"Mwaikiranji makala pamenepo, azakhali?"

"Kuti wapamwamba usakhale wauwisi," ndidayankha. "Ukapanda kutero, wapansi umapserera, wapamwamba uli mbee."

"Ndiye nzeru yake ndi yomweyo," adatero akuseka.

Akuti m'chaka cha 1971 akatswiri awiri a ku London, Fox ndi Solman, adaganiza motere: khungu limazizira chifukwa kutentha kochokera m'kati kumathawira kumphepo. Bwanji titaphimba kamalo kakang'ono ka khungu, nkuikapo kamoto kamagetsi pamwamba kofunda molingana ndendende ndi kutentha kochokera pansi? Kutenthako kukasowa kothawira, khungu la pamalopo limafunda pang'onopang'ono mpaka kufanana ndi m'kati, monga mpunga wapamwamba umafananira ndi wapakati. Pamenepo kachoyezera kogona pakhungu kamawerenga za m'kati popanda kuboola kapena kulowetsa kanthu. Anthu a ku Japan adaikonza nzeruyi naigwiritsa ntchito zaka zambiri, ndipo masiku ano kuli kachigamba kozungulira, kokulirapo pang'ono kuposa ndalama yachitsulo, kamene amamata pamphumi pa wodwala, kachingwe kake kakupita ku kabokosi koonetsa manambala. Pakapita mphindi zochepa kamayamba kunena, ndipo sikaleka mpaka akachotse.

Chimene chidandikondweretsa ine ndi mmene adakayesera. Mboni yatsopano sakhulupirira pa tsiku loyamba. Amayamba aifananiza ndi mboni yakale yodziwika. Mu 2014 ku America adakamata pamphumi pa odwala oposa 100 ochitidwa opaleshoni ya mtima, anthu amene adali kale ndi choyezera m'kati mwa mtsempha waukulu wochoka kumtima kupita ku mapapo, pamalo pamene palibe angatsutse. Atafananiza, adapeza kuti pa miyeso 10 iriyonse, pafupifupi 8 idagwirizana mosapitirira theka la digiri. Si mboni yangwiro, koma ndi yabwino kwa mayi amene ali maso. Vuto lake ndi ndalama, pakuti kachigambako kamagwira munthu mmodzi nkutayidwa, ndipo kabokosiko kamafuna magetsi. Kumene kudabadwira mdzukulu wanga kudalibe.

Kuyesa kwina kumene kudandigwira mtima kudachitikira pa amayi a mu Afrika mommuno, ku Cape Town, ndipo kudafalitsidwa mu 2018. Amayi oyembekezera opaleshoni adawamezetsa kachoyezera konga kapisozi, kamene kali m'matumbo kamatumiza manambala kunja popanda chingwe. Pa amayi 28, kutentha kwa m'kati kudatsika ndi madigiri pafupifupi 1.3 atabayidwa jakisoni wa pamsana, ndipo theka la iwo adatsika pansi pa 36. Kuzizira kwenikweni kunkafika patapita pafupifupi ola limodzi, nthawi imene kawirikawiri mayi amakhala akutuluka m'fiyeta, ndipo ena adali asanabwerere mwakale ngakhale patatha maola 8. Nditamva zimenezi ndidaona ngati wina wandilembera umboni umene ndidausowa usiku uja. Amayi 28 a dziko lina, amitundu ina, kodi onsewo adali ndi dzina loti atchule?

Nafenso a Malawi sitidangokhala oonerera. Ku Gulupu, pa Queen Elizabeth pomwepo, madokotala a ana monga Dr Queen Dube ndi Dr Kondwani Kawaza, pamodzi ndi akatswiri a sukulu ya Rice University ya ku America, adayesa kalamba komanga pamimba pa khanda, kokhala ndi choyezera chogona pakhungu, kamene kamaonetsa kutentha kwa mwanayo nthawi zonse nkuchenjeza namwino akazizira kapena akatentha. Zotsatira zake zidafalitsidwa mu 2020. Adakapangira dala zipinda za makanda zonga zathu, mmene namwino mmodzi amayang'anira ana ambiri ndipo sangathe kuzungulira ndi kachoyezera ka m'khwapa ola lirilonse. Mukumbukirenso kachida kopanira ku chala koyeza mpweya wa m'magazi: kale sitinkakadziwa, lero mukaona m'zipatala zambiri. Zinthu zotere zimafika, ngakhale zimayenda ulendo wa kamba.

Koma taonani bwino za ku Cape Town zija. Ngati chisanu chimapitirira mayi atatuluka m'fiyeta, ndiye kuti maola ambiri a nkhondoyi amagwera ku wodi, ndipo amene amakhala pambali pa bedi ku wodi ndi inu ndi ine. Tikamalongedza za ku chidikiro timakumbukira beseni, lezala, ulusi, zitenje, ufa ndi usipa wouma, koma bulangete timaliona ngati katundu wolemetsa, makamaka m'miyezi yotentha. Munthu amati, ku Nkhotakota kuno mu Okutobala ndani angazizidwe? Chisanu cha mankhwala sichiyang'ana kalendala. Tengani bulangete loyera, masokosi a mayi, ndi kachipewa ka mwana. Pamene mayi akudikira kulowa, afunde thupi lonse mpaka kumapazi, pakuti mphindi zimenezo ndizo zimachepetsa kutsika kwa m'ola loyamba. Ndipo inu mwini wake, ngati mukumva kuzizira, nenani. Kuuza namwino kuti "ndikuzizidwa" si mwano. Wogonetsa odwala ali ndi njira zake, ngakhale mankhwala oletsa kunjenjemera alipo.

Chenjezo limodzi ndilinene mwamphamvu, chifukwa chikondi chathu chomwechi chavulaza anthu. Miyendo ya mayi wobayidwa pamsana imakhala yadzanzi kwa maola angapo. Mukaikapo botolo la madzi otentha, kapena mwala wootcha, angathe kupsa mpaka matuza osamva kanthu. Mbaula isayandikire bedi, ndipo utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha. Kuthowa kumene timachita kwa mayi wa m'chikuta kusafike pabala la opaleshoni. Chofunika ndi kuchotsa nsalu zonyowa pansi pake, kumufunditsa zouma, ndi kutseka zenera lolowetsa mphepo. Tiyi kapena phala zidikire mawu a namwino.

Khanda nalo limazizira msanga koposa mayi, popeza limatuluka lonyowa, mutu waukulu, mafuta ochepa. Kutentha kwake kuyenera kukhala pakati pa 36.5 ndi 37.5. Lipukutidwe, livale chipewa, ligone pachifuwa pa mayi khungu kukhudza khungu, onse awiri afundidwe pamodzi, ndipo kusamba kudikire maola 24. Njira ya kangaru, imene kuno kwathu idayambira ku chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, yaonetsa kuti chifuwa cha munthu ndi chofunditsira chabwino. Mayi akakhala kuti akunjenjemera kapena sadatsitsimuke, chifuwa cha gogo kapena cha bambo wa mwanayo chigwire ntchito. Komanso musasokoneze kunjenjemera kuwiri. Kwa maola oyamba kuja nkwa chisanu ndi mankhwala, ndipo kumatha. Koma mayi akayamba kunjenjemera pa tsiku lachitatu kapena lachinayi, thupi litatentha, bala likufiira kapena kumusi kukutuluka zonunkha, kumeneko si kwa bulangete ayi. Ndi mafinya kapena malungo, ndipo abwerere kuchipatala tsiku lomwelo.

Tsiku la mwana wanga litafika, ndidamuveka masokosi a mwamuna wake, ndi kumufunditsa bulangete kuyambira m'khosi mpaka kumapazi. Namwino wina wachitsikana adandiyang'ana nati, "Agogo, kunja kukutentha chonchi?" Ndidamuyankha kuti, "Anesi, ndidaziona ine, mundilole." Adaseka nandisiya. Bambo wogonetsa odwala atabwera adamuika kachoyezera m'khwapa, nalemba nambala pa pepala, ndipo pomulowetsa adalola kuti bulangete lifike mpaka pakhomo. Pambuyo pake mwana wanga adandiuza kuti m'katimo adamufunditsa pachifuwa ndi m'mapewa, ndi kuti diripi idalowa yofunda. Ine ndidatsala panja ndi asewere anga, amayi a mkamwini wanga, tikuyang'ana chitseko chimodzi, aliyense akupemphera m'njira yake.

Adatuluka patatha ola ndi mphindi zingapo, kamnyamata kali pambali. Ndipo taonani, adali kunjenjemera. Osati monga ine kale, koma mapewa ankagwedezeka ndithu, mano akuombana pang'ono. Mtima wanga udagunda. Ndidaona asewere akutsegula maso, nayamba kuyang'ana uku ndi uku ngati akufuna ntchembere inzawo yoti anong'onezane nayo. Ndidawagwira dzanja. "Asewere," ndidatero, "ndi mankhwala a pamsana amenewa. Thandizeni tichotse chitenje chonyowachi."

Tidamusintha, tidamufunditsa, ndipo ndidapita kukapempha namwino kuti amuyeze. Kachoyezera kadalira, kadaonetsa 35.8. Asewere adavula bulauzi, namuika mdzukulu wathu pachifuwa pawo, ine ndikuwamanga chitenje kumbuyo. Patapita ola namwino adabweranso yekha osaitanidwa: 36.3. Kunjenjemera kudayamba kuchoka m'mapewa, kenaka m'nsagwada. Dzuwa likupendeka mwana wanga adatulutsa dzanja m'bulangete nati, "Amayi, ndipatseni mwana wanga ndimuyamwitse. Komanso chotsaniko limodzi, ndayamba thukuta."